Kusamalira Mphaka wa Bere ndi Ana Ake

Alimi anzanga, pa tsamba lino timakonda kukambirana za ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku chifukwa ndizo ziweto zimene zimatiikira ndalama m'thumba. Lero ndati tikambeko za chiweto china chimene simungachipeze chikugulitsidwa pa msika wa Nsaru kapena wa Namitete, komatu ntchito yake imaonekera m'matumba a chimanga ndi mtedza. Chiweto chimenechi ndi mphaka, amene ena amati chona kapena pusi.

Kuno kwa Kabudula, ku Mpingu mpaka ku Nambuma, ambiri tinaleka kusunga chimanga m'nkhokwe za panja poopa akuba. Tikakolola, kutonola ndi kuthira mankhwala a anankafumbwe, matumba timawaunjika m'nyumba momwe tigonamo. Makoswe nawo anatitsatira. Mankhwala a anankafumbwe sathamangitsa khoswe. Ngakhale matumba amakono aja a PICS, amene amapha nankafumbwe pomutsekera mpweya, khoswe akangoboola kabowo kamodzi ndiye kuti ntchito ya thumbalo yathera pomwepo. Tsono mlonda amene amalondera usiku wonse popanda kufunsa malipiro a pamwezi ndi woyenera kumusamala.

Ubale wa mphaka ndi mlimi ndi wakale zedi. Akatswiri amati mphaka wa pakhomo ndi mbumba ya vumbwe, ndipo anayamba kuyandikira anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo m'mayiko a ku Middle East, pamene anthu anayamba kulima ndi kusunga tirigu. Mbewu zosungidwa zinaitana mbewa, mbewa zinaitana vumbwe. M'chaka cha 2004 ofufuza zakale analengeza za manda a zaka 9,500 pa chilumba cha Cyprus, m'mene mphaka anaikidwa pafupi ndi munthu. Choncho mphaka anabwera pakhomo chifukwa cha nkhokwe.

Chodandaulitsa ndi chakuti amphaka amaswa kawirikawiri m'midzi mwathu muno, koma ana ambiri safika pokula. Chimene chimawapha kwenikweni ndi njala ya mayi wawo, kuzizira, utitiri ndi mankhwala a makoswe, ndipo zonsezi mlimi angathe kuzipewa popanda kutaya ndalama zambiri. M'mera mpoyamba. Mlonda wa zokolola za chaka chamawa amakonzedwa m'masabata 9 a bere ndi masabata 8 oyamwa.

Kudziwa kuti mphaka ali ndi bere

Mphaka wamkazi amatha kutenga bere akadali wamng'ono, wa miyezi 5 kapena 6, mwinanso 4. Akafuna wamwamuna amalira usiku wonse, kudzigubuduza pansi ndi kusowa pakhomo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mukaona zimenezi lembani tsikulo pa kalendala, monga momwe timalembera tsiku limene ng'ombe yakweredwa. Bere la mphaka limatenga masiku 63 mpaka 65, ndiwo masabata 9, ngakhale ena amafulumira kapena kuchedwa ndi masiku owerengeka.

Pakatha masabata atatu nsonga za mawere zimafiira ndi kukula pang'ono. Pofika sabata lachisanu mimba imaonekeratu, mphaka amadya kwambiri ndipo amakonda kugona. Musamakanikize mimba yake ndi zala pofuna kuwerenga ana, ndipo ana a pakhomo muwaletse kumunyamula pogwira pamimba kapena kumuponya. Bere la mphaka limatha kuchoka chifukwa cha kumenyedwa ndi chikuni kapena kuthamangitsidwa ndi agalu.

Chakudya

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri akuti mphaka ukamudyetsa amachita ulesi, sagwira makoswe. Ine ndaweta amphaka zaka zambiri ndipo chimene ndaona ndi chosiyana. Mphaka amasaka mwachibadwa, ngakhale atakhuta. Wanjala ndiye amene amachoka pakhomo kukafuna chakudya kwa anansi kapena kutchire, amaba ndiwo m'mphika ndi kugwira anapiye. Wodyetsedwa amakhazikika pafupi ndi matumba anu, ndipo amakhala ndi mphamvu zobisalira khoswe usiku wonse.

Tidziwenso kuti mphaka si galu. Galu angathe kukhala ndi moyo ndi mikute ya nsima ndi tindiwo totsala, koma thupi la mphaka linapangidwa kudya nyama. M'nyama ndi m'nsomba muli chinthu china chimene akatswiri amachitcha taurine, chimene thupi la mphaka silitha kupanga chokwanira palokha, ndipo mu chimanga, nyemba kapena soya mulibe. Mphaka wa bere akachisowa amataya bere kapena kuswa ana ofooka, ndipo iye mwini maso ndi mtima zimawonongeka. Nsima yokha imangodzaza mimba.

Zakudya zimene tingathe kupeza kwathu kuno ndi izi. Kadzanja ka usipa, bonya kapena matemba, koviika m'madzi kuti mchere uchoke kenaka n'kuwiritsa. Mafupa a tinsomba timeneti ndi ofewa ndipo amalimbitsa mafupa a ana m'mimba. Dzira lowiritsa kawiri kapena katatu pa sabata. Zam'kati za nkhuku mukapha, ndi tizidutswa totsala ku butchala, zonse zophika bwino. Chiwindi mum'patse mwa apo ndi apo chifukwa chikachuluka chimadwalitsa. Nyengo ya ngumbi musam'mane, amazikonda ndipo ndi chakudya chabwino. Nsima kapena phala zisakanizidwe pang'ono chabe. Ndiwo zokhala ndi anyezi kapena adyo wambiri musam'patse chifukwa zimawononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri amayesa ndi chakudya chake, umatsekula m'mimba amphaka ambiri aakulu. Madzi oyera ndiwo azikhalapo nthawi zonse m'kambale kake.

Bere likamakula onjezerani chakudya pang'onopang'ono, kuti pofika masabata omaliza azidya pafupifupi theka lina pamwamba pa chimene amadya masiku onse. Poti ana amakhala atapanikiza chifu, mum'patse pang'ono katatu kapena kanayi patsiku. Akayamba kuyamwitsa ndiye amafuna chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa nthawi zonse. Apa ndi pamene ambiri timam'taya. Mphaka woyamwitsa ana anayi amene akudalira kusaka kokha amawonda mpaka nthiti kuwerengeka, mkaka umauma, ana n'kumafa mmodzimmodzi. Izi zimachitika kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale pamene pakhomo pamakhala popanda zotsala.

Malo oswera

Kukatsala sabata limodzi kapena awiri, mphaka amayamba kufufuza malo obisika. Mukapanda kumukonzera adzasankha yekha, mwina padenga la udzu pamene ana angagwe, m'chigafa pakati pa fodya, kapena m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi. Pezani katoni kapena dengu lakale lokula bwino, loti mayi atha kugona chotambalala. Mbali zake zikhale zazitali kuti ana asakwawire kunja, koma mbali imodzi muidule pang'ono kuti mayi azilowa mosavuta. Pansi yalani chiguduli choyera ndi zitenje zakutha zochapa bwino. Thumba limene munali feteleza kapena mankhwala a mbewu musaligwiritse ntchito.

Ikani katoniyo pa ngodya ya mdima, yopanda phokoso, yosadontha ndiponso yopanda mphepo, kumene galu ndi mphaka wamwamuna sangafike. Pasakhale pafupi ndi fodya, feteleza kapena mankhwala opopera. Muikweze pang'ono pa njerwa kapena pa thabwa kuti chinyezi cha pansi chisalowe. Muonetseni malowo nthawi ikadalipo ndipo mbale yake ya chakudya muiike chapafupi kuti azolowere. Akakana n'kukaswera pena, musalimbane naye. Ngati pamene wasankhapo ndi pouma ndi potetezeka, ingomuyalirani nsanza pomwepo.

Tsiku loswa

Tsiku likafika mphaka amaleka kudya, amayendayenda, kulira ndi kudzinyambita kumbuyo kosalekeza. Izi zingatenge maola angapo, mwina tsiku lathunthu. Ntchito yanu ndi kumusiya payekha ndi kumasuzumira mwakachetechete. Anthu akamuunjirira amatha kuimitsa kuswa n'kuthawira kwina.

Kawirikawiri amaswa ana atatu mpaka asanu. Kamwana kamodzi kakatuluka, kena kamatsatira pakapita mphindi 10 mpaka ola limodzi. Ena amatulukira mutu, ena miyendo ya kumbuyo, ndipo zonsezi ndi zachibadwa kwa amphaka. Mwana aliyense amabadwa m'kathumba ka madzi. Mayi amang'amba kathumbako, kunyambita mwanayo mpaka ayambe kupuma, kudula mchombo ndi mano ndi kudya chotsalira chake. Musamuletse, ndi mmene analengedwera. Nthawi zina mphaka amaswa ana awiri, n'kupuma maola ambiri akuyamwitsa bwinobwino, kenaka n'kudzamaliza enawo. Ngati ali phee ndipo sakuvutika, palibe choopsa.

Mphaka woswa koyamba nthawi zina amasokonezeka n'kusiya mwana m'kathumba. Mukaona kuti papita mphindi imodzi kapena ziwiri asanamukhudze, sambani m'manja ndi sopo, ng'ambani kathumbako kumaso, pukutani mphuno ndi kukamwa ndi kansalu koyera, ndipo mum'sisite kumsana ndi nsalu youma mpaka alire. Musam'zunguze m'mwamba. Ngati mchombo sunadulidwe, mangani ndi ulusi woyera kutalika kwa zala ziwiri kuchokera pamimba, n'kudula kuseri kwa mfundoyo ndi lezala latsopano. Mukatero m'bwezereni kwa mayi wake.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: mphaka akukankha mwamphamvu kwa theka la ola popanda mwana kutuluka, mwana waonekera koma wakakamira kwa mphindi 10, magazi akutuluka ambiri, kukutuluka zonunkha, kapena mayi wafookeratu. Pamenepo musakoke mwana mwamphamvu kapena kum'mwetsa mayi zitsamba. Thamangani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu. Ndi nzeru kukhala ndi nambala yake ya foni tsikulo lisanafike.

Masabata atatu oyamba

Kamwana ka mphaka kamabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100, ngati mazira awiri a nkhuku. Kamabadwa kosaona ndi kosamva. Chinthu choyamba kuonetsetsa ndi chakuti aliyense wayamwa tsiku loyamba lomwelo. Mkaka woyamba uja ndiwo umapatsa mwana chitetezo ku matenda, monga zimakhalira ndi thole kapena mwana wa mbuzi, ndipo tsiku loyamba likadutsa matumbo a mwana satha kulandiranso chitetezocho. Kamwana kofooka kamene kakukankhidwa ndi anzake mukaike nokha pa bere.

Ana okhuta amagona mounjikana, mimba zili tuu, ndipo salira kwambiri. Amene akulira kosalekeza, kukwawira kutali ndi anzake kapena kuzizira mukam'gwira, ali pa vuto. Amene muli ndi sikelo yaing'ono muziwayeza. Mwana wathanzi amaonjezera magalamu 10 kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo pakatha sabata limodzi kapena masiku 10 amalemera kawiri kuposa pobadwa. Kachingwe ka mchombo kamauma ndi kugwa pakapita masiku atatu kapena asanu. Maso amatseguka pakati pa masiku 7 ndi 14. Musawatsegule ndi zala. Akamata ndi mafinya pukutani ndi kansalu koviika m'madzi owiritsa amene afunda, ndipo zikapitirira funsani mlangizi.

Mdani wamkulu pa msinkhu umenewu ndi kuzizira. Kwa masabata atatu oyamba thupi la kamwana silitha kudzifunditsa lokha, limadalira mayi ndi abale ake. Ife a m'chigwa cha Lilongwe tikudziwa mmene kumazizirira mu Juni ndi Julaye, pamene usiku kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10. Mayi akapita kosaka usiku wotere, ana osiyidwa pa simenti kapena pa dothi sachedwa kufa. Vundikirani katoniyo pamwamba ndi chiguduli, kusiya polowera. Kukazizira kwambiri ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu mbali imodzi ya katoni, kuti akatenthedwa athe kusunthira kwina. Musaike katoni pafupi ndi mafuwa kapena mbaula.

Nyengo ya dzinja ili ndi mavuto akenso. Linthumbu likalowa m'nyumba usiku limamaliza ana onse, choncho wazani phulusa kuzungulira pamene pali katoni ndipo muzizonda malowo madzulo aliwonse. Nsanza zonyowa ndi mkodzo zimaitana ntchentche zimene zimabweretsa mphutsi za pakhungu. Sinthani zoyala zikangonyowa, zichapeni ndi kuziyanika pa chingwe pa dzuwa, osati pansi, ndipo ngati muli ndi simbi zisiteni.

Utitiri ndi wa nyengo zonse. Kamwana ka magalamu 200 kali ndi magazi ochepa kwambiri, ndipo utitiri ukachuluka umayamwa mpaka usinini wake kuyera mbuu, kenaka kufa. Pesani ana ndi chipeso cha mano othinana, n'kumaviika utitiriwo m'madzi a sopo. Zoyala ziwiritsidwe m'madzi otentha ndipo pansi pasesedwe ndi kuzira.

Yang'ananinso mayi. Bere limodzi likatupa, kulimba ndi kutentha, kapena mayi akayamba kunjenjemera, kuyenda modzandira ndi kukana ana, pitani naye kwa a ziweto tsiku lomwelo.

Anthu ena amati ukagwira ana a mphaka, mayi wawo amawadya. Chimene chimachitika ndi chakuti mphaka wovutitsidwa ndi phokoso ndi manja ambiri amasamutsa ana ake, kuwanyamula pakhosi mmodzimmodzi, ndipo amatha kuwapititsa pamalo oipa. Amene amam'dya kawirikawiri ndi wakufa kale kapena wodwala kwambiri. Choncho m'masabata awiri oyamba agwireni pokhapokha pali chifukwa, ndi manja osamba. Koma kuyambira sabata lachiwiri mpaka lachisanu ndi chiwiri ndi bwino kuwagwira mofatsa kwa kanthawi tsiku lililonse. Nthawi imeneyi ndiyo imene mphaka amazolowera anthu. Amene wakula osagwidwa amakhala wolusa ndi wothawathawa moyo wake wonse, ndipo simungathe kum'gwira tsiku la katemera.

Ana amasiye

Mayi akafa kapena akasowa, njira yabwino koposa ndi kufunsa m'mudzi ngati pali mphaka wina amene akuyamwitsa ana a msinkhu wofanana. Sisitani amasiyewo ndi nsanza za m'malo ake kuti atenge fungo, ndipo nthawi zambiri amawalandira. Zikakanika, m'malo ogulitsa mankhwala a ziweto mu mzinda wa Lilongwe mungafunse mkaka waufa wa ana a mphaka. Podikira zimenezo, wiritsani kapu imodzi ya mkaka wa mbuzi kapena wa ng'ombe, uzizire mpaka kufunda, n'kusakanizamo chikasu cha dzira limodzi. Umenewu ndi wongogwirizira masiku ochepa.

Mwetsani ndi sirinji yopanda singano, dontho limodzilimodzi, maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Kamwana kagone chamimba monga kamachitira poyamwa. Mukakagoneka chagada mkaka umalowa m'mapapo. Kakazizira yambani mwakafunditsa pa chifuwa panu m'kati mwa malaya, chifukwa kamwana kozizira sikagaya chakudya. Mukatha kumwetsa, sisitani pansi pa mchira ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda mpaka kakodze. Ntchito imeneyi mayi amaichita ndi lilime, ndipo popanda iyo kamwana kosakwana masabata atatu sikatha kudzithandiza.

Mankhwala amene amapha amphaka

Apa ndipempha kuti tiwerenge mosamala. Mankhwala akuda a makoswe amene timawatcha tameki, ogulitsidwa m'timapepala m'misika, atha amphaka ambiri m'dera lathu lino. Mphaka amafa podya nyambo yeniyeniyo kapena khoswe amene wadya nyamboyo, ndipo mayi woyamwitsa akafa ana onse amatsatira. Agalu, nkhuku ngakhale ana a anthu akhala akufa ndi mankhwala omwewa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo nzoona: khoswe amene ali pakati pa chakudya cha banja sitingamuphe ndi poizoni popanda kudziika tokha pangozi. Pakhomo pamene pali mphaka gwiritsani ntchito misampha, ndipo muitchere pamene ana a mphaka sangafike. Kambiranani ndi anansi, chifukwa khoswe wodya poizoni sadziwa malire a nyumba.

Panado ndi poizoni kwa mphaka. Piritsi limodzi lokha ndi lokwanira kumupha chifukwa chiwindi chake sichitha kuchotsa mankhwalawa m'thupi. Dibi wa ng'ombe, mankhwala a nkhupakupa a agalu, mankhwala othira m'chimanga ndi opopera m'dimba, onsewa musam'pake mphaka pofuna kupha utitiri. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndipo ana amayamwa pa khungu lomwelo. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi ofunika, chifukwa ana amatha kutenga njokazi kudzera mu mkaka wa mayi, koma mtundu wake ndi muyeso wake akuuzeni ndi mlangizi wa ziweto.

Kuleka kuyamwa ndi kuphunzira ntchito

Pa masabata atatu mano amakhala atayamba kumera ndipo ana amayenda modzandira. Pa masabata anayi ayambitseni kudya usipa wowiritsa wosinja kapena dzira lophwanya, zofewetsa ndi madzi ofunda, m'kambale kosazama. Amapitiriza kuyamwa mpaka masabata 6 kapena 8. Ikaninso beseni lakale la mchenga pafupi, chifukwa pa msinkhu umenewu amaphunzira malo odzithandizira. Mphaka wosapatsidwa malo ake amakadzithandizira mu mulu wa chimanga kapena mtedza.

Nthawi yomweyi mayi amayamba kubweretsa mbewa zakufa, kenaka zamoyo, n'kuzisiya pamaso pa ana kuti aphunzire kugwira. Imeneyi ndiyo sukulu ya mlonda wanu. Anthu ambiri amathamangira kutenga kamwana ka masabata anayi poopa kuti ena awatsogolera, koma kotero kamakula kofooka ndi kamantha. Musagawe ana asanakwane masabata 8, ndipo kudikira mpaka 12 ndi bwino koposa. Pa anapiye, avundikireni m'dengu masabata oyamba. Ndaona kuti mphaka wokhuta amene wakulira pakati pa nkhuku sakonda kuzivuta.

Posankha woweta musayang'ane mtundu wa ubweya. Ena amataya ana akuda powaganizira za ufiti, koma mtundu wa ubweya umachokera kwa makolo monga zimakhalira ndi mbuzi. Ana obadwa tsiku limodzi amatha kukhala a abambo osiyana, ndiye chifukwa chake amasiyana maonekedwe. Chimene ubweya ungakuuzeni ndi chimodzi: mphaka wa mawanga a mitundu itatu, yoyera, yakuda ndi yofiirira, pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi.

Tisayembekezenso kuti mphaka yekha angathetse makoswe onse. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2017, wochitika m'midzi ya dziko la Swaziland limene tsopano likutchedwa Eswatini, anapeza kuti makoswe amaopa kwambiri kudya pa khomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi kusiyana ndi pamene pali chimodzi chokha. Matumba akhale pa thandala, otalikirana ndi khoma kuti mphaka athe kuzungulira, ndipo tchire ndi zinyalala zichotsedwe kuzungulira nyumba.

Thanzi la banja

Mphaka amadwala chiwewe monga galu, ndipo angathe kupatsira munthu. Ana a mphaka abayidwe katemera akakwana miyezi itatu, ndipo mayi wawo ndi iwo omwe azibayidwa chaka chilichonse. A ziweto akalengeza katemera wa agalu m'dera lanu, tengani ndi mphaka yemwe, mutam'tsekera m'dengu kapena m'katoni yobooledwa. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira za kulimbana ndi chiwewe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wachilendo kapena wodwala, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite tsiku lomwelo ku chipatala chimene ali nacho pafupi, kaya ndi St Gabriel ku Namitete, Kabudula kapena Nambuma, ndi kudziwitsanso a ziweto. Chiwewe chikayamba kuonekera pa munthu sichichizika.

Amayi oyembekezera asagwire ndowe za mphaka. M'ndowemo mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda otchedwa toxoplasmosis, amene angavulaze mwana wosabadwa. Ntchito yotaya mchenga igwiridwe ndi munthu wina tsiku lililonse, kukwirira kutali ndi chitsime ndi dimba, ndi kusamba m'manja pambuyo pake. Palibe chifukwa chothamangitsira mphaka pakhomo. Ana a sukulu nawo asambe m'manja akatha kusewera ndi ana a mphaka, makamaka mukaona kuti ubweya ukusosoka mozungulira, chifukwa zipere zimapatsirana.

Nanga akachuluka?

Mphaka angathe kutenganso bere patangopita masabata ochepa ataswa, akadayamwitsa. Akaswa kawiri kapena katatu pa chaka, ana anayi ulendo uliwonse, ndiye kuti pa chaka mwapeza ana 8 mpaka 12. Palibe khomo lingadyetse onsewo, ndipo mayiyo amatha thupi. Mapeto ake ndi aja timawaona, ana otayidwa m'thumba kudambo kapena m'chimbudzi. Imeneyi ndi nkhanza, ndipo amene apulumuka amasanduka amphaka a kutchire osabayidwa katemera, ogwira nkhuku ndi nkhunda za anthu.

Choncho bere likangodziwika yambani kufunsa abale ndi anzanu a ku kalabu amene akufuna mphaka. Mukapeza amene mukufuna kusunga, mayiyo akatsekedwe ndi madokotala a ziweto ana akangoleka kuyamwa, ndipo aamuna afulidwe asanakwane miyezi 6. Bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linayamba mu 2008, limagwira ntchito imeneyi pamodzi ndi ya katemera, ndipo mlangizi wanu angakuuzeni kumene mungapite. Musayese kufula mphaka nokha ndi lezala kapena mphira, ndipo musam'patse mapiritsi akulera a anthu. Mphaka wotsekedwa amagwirabe makoswe monga kale, ndipo amakhazikika pakhomo.

Pomaliza tiwerengere limodzi. Mphaka amene waswa mu Novembala, ana ake adzakhala a miyezi 6 mu Meyi, pamene chimanga ndi mtedza zikulowa m'nyumba. Amene ali ndi mphaka wa bere lero, apeze katoni ndi chiguduli sabata lino, ndipo tsiku la msika asaiwale kambale ka usipa.